Funsani Ankolo: kwizi yapa gulupu yandidanitsa ndi makasitomala anga

Mwezi uno makalata ambiri amene mwanditumizira ndi okhudza makwizi, timipikisano ta mafunso tija tikuchitika pa WhatsApp ndi pa Facebook toti woyankha bwino amawina mayunitsi kapena kandalama. Kaya chachitika ndi chani koma zikuoneka kuti aliyense amene ali ndi gulupu wasanduka mphunzitsi. Ndasankhapo angapo, ena ndawadula poti munalemba ngati mukulemba mayeso a fomu folo.

FUNSO

Ankolo zikomo, ine ndimagulitsa machaja, mahedifoni ndi makava a foni ndiye ndinatsegula gulupu ya WhatsApp ya makasitomala, pano tilimo anthu 600 ndi kanthu. Lachisanu lililonse 8 koloko usiku ndimaponya mafunso 10, woyamba kuyankha molondola amatenga poyinti, amene wachuluka mapoyinti ndimamutumizira K5,000 pa Airtel Money kapena Mpamba. Zimayenda bho mpaka sabata yatha pomwe ndinafunsa kuti Kamuzu anakhala pulezidenti wa Malawi chaka chanji, ine yankho langa linali 1964 ndiye ndinapereka poyinti kwa mtsikana wina amene analemba 1964, koma pali mkulu wina analemba 1966 ndipo mpaka lero akukakamira kuti ndamubera, poyinti imeneyo ndi imene ikanamuwinitsa. Komanso pa funso lina anthu awiri aliyense akuti anayamba ndi iyeyo ndipo onse atumiza masikirinishoti, pa foni ya uyu akuoneka woyamba ndi iyeyo, pa foni ya winayo chimodzimodzi. Pano akundinena kuti mtsikanayo ndi chibwenzi changa pomwe sindimamudziwa nkomwe, anthu 40 atuluka kale. Ndingoisiya kwiziyi?

Wa machaja, Ndirande

YANKHO

Mphwanga, ndiyambe ndi zowawa. Mkulu wa 1966 uja akunena zoona, mutumizire ndalama yake lero lomwe. Pa 6 July 1964 Malawi analandira ufulu wodzilamulira inde, koma Kamuzu nthawi imeneyo anali nduna yaikulu, mutu wa dziko anali adakali mfumukazi ya ku Britain. Upulezidenti unabwera pa 6 July 1966 dziko litasanduka ripabuliki. Ndiye iwe unasakaniza zinthu ziwiri, ndipo usachite manyazi kwambiri poti anthu ambiri amasakaniza pomwepo, ngakhale ena amene anakhoza histore. Koma kwa mtsikanayo usakalande ayi, kulakwitsa ndi kwako osati kwake. Sabata imeneyo ikudyera K10,000 basi, uitenge ngati fizi.

Ndipo usakalipire mwakachetechete ku inbox. Lemba pa gulupu pomwepo kuti anthuni ndinalakwitsa, yankho ndi 1966 pa chifukwa chakutichakuti, ndalama ya akuluwa ndatumiza, umboni ndi uwu. Pa sikirinishotiyo ufufute nambala yake ndi balansi yako. Anthu 40 anatulukawo ena abwerera akamva, poti chimene chinawanyansa si chaka ayi, ndi maganizo oti adimini amakondera.

Za masikirinishoti awiri aja palibe amene akunama, onse akunena zoona. Munthu akatumiza meseji imayamba yaoneka pa foni yake pompopompo isanafike kwa ena, ndiye ngati netiweki yake ikukwawa, iyeyo amadziona ali pamwamba pomwe kwa anzake meseji yake yafika mochedwa. Ndipo WhatsApp imangoonetsa ola ndi mphindi, masekondi saoneka, onse awiri alembedwa 20:14 ndiye uweruza bwanji? Lamulo loti woyamba kuyankha wawina ndi limene likuphetsa makwizi ambiri, chifukwa silipikisanitsa nzeru, likupikisanitsa matawa a netiweki. Munthu wa ku Namiwawa amene ali pa wifi ndi munthu amene wakwera pachulu ku Neno kusaka netiweki sangathamange mofanana.

Ngati ukufunabe zothamangazo ndiye ulembe poyera kuti foni ya adimini ndi imene ikuweruza, m'mene mameseji afikira pa foni yanga ndi momwemo, sikirinishoti ya wina aliyense sitilandira. Koma ine ndikanakhala iwe ndikanasintha kachitidwe. Tseka gulupu kuti azilemba ndi maadimini okha, ponya funso, aliyense ayankhe ku inbox ya nambala ya kwizi pasanathe mphindi imodzi kapena ziwiri, onse amene akhoza m'nthawiyo atenge poyinti. Zikatere palibenso kukopera yankho la mnzako amene walemba pamwambapo, ndiponso palibe zija zoti munthu walemba zolakwika kenako wakonza meseji mwakabisira, paja masiku ano WhatsApp imalola kukonza meseji mkati mwa mphindi 15, ngakhale imalemba kuti Edited koma m'chipwirikiti cha mameseji 200 ndani amaona zimenezo. Anthu akafanana mapoyinti kumapeto uwapatse funso la manambala loti woyandikira kwambiri wawina, monga kutalika kwa Sapitwa pa phiri la Mulanje, yankho ndi mamita 3,002, wina anena 2,800 wina 3,500, nkhani yatha popanda kutukwanizana. Ntchito yowerenga ma inbox ndi yambiri, pamenepo upeze mnzako wokuthandiza, koma iyeyo ndi abale ake asamapikisane nawo, ulembenso zimenezo.

Tsopano za mafunso, poti apa ndi pamene pagona nkhani. Funso la kwizi likhale ndi khomo limodzi. Usanaliponye uziyamba wadzifunsa kuti kodi munthu wanzeru kuposa ine angathe kuyankha china chake chomwenso ndi cholondola? Ndikupatse zitsanzo zoti zakolapo anthu. Ukafunsa kuti Flames inafika mundime ya matimu 16 ku AFCON chaka chanji, wina alemba 2021 wina 2022 ndipo onse ali ndi mfundo, mpikisanowo dzina lake ndi AFCON 2021 koma unaseweredwa January 2022 ku Cameroon, kuja Gabadinho Mhango anamenya chigoli cha patali chija ndi Morocco. Ukafunsa dzina lakale la Bullets ndiye wadziputira wekha, wina ati Bata Bullets, wina Total Big Bullets, wina Bakili Bullets, onse akhoza. Ukafunsa likulu loyamba uyenera kunena bwino kuti likulu la boma lisanasamukire ku Lilongwe mu 1975 linali kuti, apo yankho ndi Zomba basi. Palinso mafunso amene yankho lake limakalamba, ngati loti malo a m'Malawi amene ali pa mndandanda wa UNESCO wa World Heritage ndi angati. Kwa zaka zambiri yankho linali awiri, paki ya nyanja ku Cape Maclear kuyambira 1984 ndi zojambula za m'mapanga a Chongoni kuyambira 2006, koma mu 2025 phiri la Mulanje linalowanso. Iwe ukatenga funso m'kabuku kakale ka social studies upereka poyinti kwa wolakwa.

Ndiye funso lililonse ulitsimikize malo awiri osiyana, ulembe yankho ndi komwe walitenga m'kope kwizi isanayambe. Osamakonza mafunso 7:45 uli m'minibasi. Kuisiya kwiziyo ayi usaisiye, anthu 600 osonkhana Lachisanu usiku kudikira iwe si chinthu chamasewera, ena amalipira ndalama zambiri kuti apeze anthu amenewo.

FUNSO

Ankolo ine ndaona kuti makwizi ali ndi anthu ambiri ndiye ndaganiza zoti ikhale bizinesi. Aliyense azilipira K1,000 kuti alowe, anthu akakwana 200 ndiye K200,000, wowina ndizimupatsa K100,000 yotsalayo yanga. Kuti zisavute mafunso azikhala ophweka kenako onse okhoza ndiziika mayina m'chidebe ndikutola limodzi pa laivu. Mukuona bwanji pulani imeneyi?

Wofuna kutukuka, Area 25

YANKHO

Achimwene, werenganinso kalata yanuyi pang'onopang'ono. Anthu alipira, mafunso ndi ongonamizira, wowina akutoledwa m'chidebe. Imeneyo si kwizi, ndi lotale yovala yunifolomu ya sukulu. Ndipo lotale, kubetcha ndi juga kuno kwathu sizichitika mwachisawawa, zili ndi lamulo lake, Gaming and Lotteries Act ya 2022, komanso bungwe loyang'anira la Malawi Gaming and Lotteries Authority, ambiri amangoti MAGLA, limene linabwera pophatikiza Malawi Gaming Board ndi National Lotteries Board. Musanatolere ngakhale K1,000 imodzi pitani kumeneko mukafotokoze pulani yanu ndendende m'mene mwandilembera ine, akakuuzeni za chiphaso. Musadalire zoti pa WhatsApp palibe akuona, amene adzakuneneni ndi munthu wa m'gulupu momwemo amene waluza kasanu motsatizana. Ndiye pali nkhani ya ana, pa intaneti mudziwa bwanji kuti amene watumiza ndalamayo ndi wamkulu osati mwana wa fomu 2 amene watenga foni ya mayi ake? Juga ndi ya anthu a zaka 18 kupita m'tsogolo.

Komanso masamu anuwo ndi a tsiku loyamba lokha. Sabata yachitatu alowa anthu 60, mwatolera K60,000 koma munalonjeza K100,000, mutani? Paja amati lonjezo linadulitsa mutu wa Yohane. Anthu ambiri amene timawatchula kuti akuba pa Facebook sanayambe ngati akuba, anayamba ngati inuyo, kenako ndalama zinaperewera, anayamba kuzengereza, kenako anawinitsa msuweni wawo kuti ndalama isatuluke pakhomo.

Ngati mukufuna kudyapo pa kwizi njira yake ndi ina. Kulowa kukhale kwaulere, anthu achuluke, kenako mupite kwa wa butchala, wa saluni, wogulitsa nsapato za kaunjika, muwauze kuti ndili ndi anthu mwakuti Lachisanu lililonse, perekani mphoto ndi kangachepe ka ine, dzina la shopu yanu lizitchulidwa pakati pa mafunso. Imachedwa njira imeneyi, miyezi ingapo yoyamba muzingotulutsa za m'thumba mwanu, koma mumagona tulo. Ikakula mpaka makampani kuyamba kuikamo mphoto zikuluzikulu, mubwererenso ku MAGLA kuja mukafunse za mipikisano yotsatsira malonda.

FUNSO

Anthu akumangogugula mayankho kapena kufunsa ChatGPT, pali mnyamata wina wawina kanayi motsatizana koma ukakumana naye sadziwa ngakhale kuti maboma m'Malawi muno alipo 28. Ndiwaletse bwanji?

Mphunzitsi wopuma, Kasungu

YANKHO

Aphunzitsi, likasa la pa intaneti simungalithetse, simuli m'kalasi moti muzizungulira ndi ndodo. Chimene mungachite ndikulivutitsa. Nthawi ikhale yochepa, masekondi 30 kapena 40. Funso muzilitumiza ngati voice note osati lolemba, chifukwa lolemba amangokopera nkukamata ku Google, koma la mawu ayambe walitaipa yekha ndiye nthawi yatha. Muzifunsa m'Chichewa komanso zinthu zakwathu zimene makinawa amapunthwa nazo. Zilape zija agogo ankatiuza kumoto, kumalizitsa mwambi, chithunzi cha mphambano ya msewu chimene mwajambula nokha kuti apa ndi pati, chithunzi cha ndiwo kuti ichi ndi chisoso, luni kapena denje, kamawu ka mbalame kuti iyi ndi mbalame yanji. Samalani pang'ono ndi miyambi poti ina imanenedwa mosiyana kutengera dera, landirani zonse zomveka.

Ndipo mphoto yaikulu isatuluke pa mafunso olemba okha. Anthu atatu apamwamba muziwaimbira vidiyo kolo ya pagulu, kamera yoyatsa, manja aoneke, mafunso asanu pakamwa. Mnyamata wanuyo mukamuona wayamba kunena kuti kamera yanga inafa ndiye mwadziwa. Ikaninso lamulo loti wowina apume masabata awiri kapena atatu, si chilango ayi, kungoti munthu mmodzi akamangowina anzake amagwa ulesi ngakhale atakhala kuti sakubera.

FUNSO

Ankolo ndimagwiritsa Google Forms poti imachonga yokha komanso imaonetsa nthawi mpaka masekondi, koma anthu akudandaula kuti linki sikutseguka. Mnzanga akuti ndiyese Kahoot, pulogalamu ya makwizi ya pa intaneti. Gulupu yathu ndi ya anthu a kumudzi kwathu, ena ali konkuno, ena ku Joni, ena ku UK.

Mlembi wa gulupu, Mangochi

YANKHO

Achemwali, linkiyo ilibe vuto, vuto ndi bandulo. Anthu ambiri kuno amagula bandulo ya WhatsApp yokha kapena ya Facebook yokha poti ndi yotchipirako, ndiye chilichonse chotuluka kunja kwa WhatsApp sichitseguka. Inu mukuganiza kuti mwawathandiza koma mwatsekera panja theka la gulupu, ndipo otsekeredwawo ndi a kumudzi omwe mphotoyo ikanawathandiza kwambiri. Kahoot ndiye iposa pamenepo, ndi yokoma zedi anthu akakhala muholo imodzi kapena onse ali pa netiweki yabwino, koma imapereka mapoyinti ambiri kwa woyankha msanga, ndiye a ku Johannesburg ndi a ku Manchester azingokolola. Telegram ili ndi kwizi yake yabwino yochonga yokha koma kawerengeni kaye kuti m'gulupu mwanu ali ndi Telegram ndi angati. Poll ya WhatsApp musayese nkomwe, aliyense amaona komwe anzake avotera ndipo munthu amatha kusintha voti.

Ine ndingati khalani pa WhatsApp pomwepo ndi njira ya inbox imene ndamuuza wa machaja uja. Fomu muziigwiritsa pa kwizi ya sabata yonse yosathamangitsana, yoti munthu akapeza intaneti tsiku lililonse ayankhe. Za nthawi, ife ndi a ku South Africa wotchi ndi imodzi, palibe vuto. A ku UK amatsalira ndi maola awiri nyengo yawo yozizira, ndi ola limodzi kuyambira kumapeto kwa March mpaka kumapeto kwa October, ndiye muzilemba kuti 8 koloko nthawi ya Malawi, osangoti 8 koloko. Muwauziretu akunjawo kuti mphoto imatumizidwa pa nambala ya kuno basi, akawina asankhe m'bale wolandira, ambiri amakondwa nazo amangoti apatseni amayi. Ndipo mugwirizane kuti magetsi akazima kapena netiweki ikagwa kwa adimini pakati pa kwizi, mapoyinti asungidwa ndipo mupitiriza mawa nthawi yomweyo. Zoterezi mukazinena zitachitika kale anthu amati mwapeka pofuna kupulumutsa winawake.

FUNSO

Ndinapanga kwizi pa peji yanga ya makeke pa Facebook, ndinati woyankha ashere positi komanso atage anzake 10. Mawa lake anthu anayamba kundiimbira kuti alandira meseji kuchokera ku peji ya dzina langa ndi chithunzi changa yoti mwawina, tumizani K3,000 ya thiransipoti ya keke. Amayi awiri anatumiza. Ndikumva kuwawa ankolo, dzina langa laipa.

Mayi wa makeke, Zomba

YANKHO

Pepani mayi. Akubawa amakhala akudikira zomwezi, akangoona positi ya mpikisano amakopera chithunzi ndi dzina la peji, mwina kungowonjezera kadontho kapena chilembo chimodzi, kenako amalowa m'makomenti nkuyamba kulembera aliyense amene wayankha. Mndandanda wa anthu oti awabere munawakonzera ndinu osadziwa, poti mayina onse ali poyera m'makomentimo.

Lero lomwe ikani positi pamwamba pa peji ndi chithunzi cha peji yabodzayo, mupemphe anthu ambiri aipange report kuti ikunamizira kukhala inu. Amayi awiriwo asafufute mameseji, asunge nambala imene anatumizako ndalama ndi meseji yotsimikiza, akadandaule ku kampani ya foni komanso kupolisi, inu muwaperekeze. Chinyengo cha pa intaneti ndi mlandu, lamulo lake lilipo kuyambira 2016, Electronic Transactions and Cyber Security Act. Kubweza ndalama zawo si udindo wanu poti simunabe ndinu, koma kabokosi ka makapukeke kwa aliyense sikangakugwetseni bizinesi, ndipo amayi amenewo akakamba za inu ku mpingo ndi ku banki m'khonde mpaka chaka chitha.

Ulendo wina mulembe pa positi ya mpikisano pomwepo ndi zilembo zikuluzikulu kuti wowina salipira kalikonse, sitifunsa PIN, sititumiza linki, wowina alengezedwa pompano tsiku lakuti nthawi yakuti ndipo tidzamuimbira ndi nambala iyi yokha. Musauze anthu kuti alembe manambala awo m'makomenti, nambala mufunse kwa wowina yekha ku inbox, ndipo manambala amene mwatolera pa kwizi musawagawe kwa ena kapena kuwaponya m'magulupu a malonda eni ake asanavomere. Zoti azisheya ndi kutaga anzawo 10 zija musiye, malamulo a Facebook salola kuti kusheya pa wall ya munthu kapena kutaga anzake kukhale njira yolowera mpikisano, peji ikhoza kulangidwa nazo. Komanso zimatopetsa, ine ndikatagidwa m'zoterozo ndimangodutsa. Powerenga mayankho musinthe makomenti achoke pa Most relevant apite pa All comments, apo ayi mayankho ena simuwaona nkomwe, ndipo komenti yolembedwa Edited mutsegule muone zimene inanena poyamba.

FUNSO

Ndinawina kwizi mwezi wa June, mphoto inali foni, mpaka pano adimini akungoti mawa, mawa. Ndimuyalutse?

Wodikira, Mzuzu

YANKHO

Mulembereni ku inbox kamodzi komaliza mwaulemu, muikepo sikirinishoti ya pomwe analengeza kuti mwawina, mumupatse masiku 7. Akapanda kuyankha funsani pa gulupu pomwepo, osatukwana, osamutchula wakuba, mungoti ndinawina tsiku lakuti, umboni uwu, mphoto sindinalandire, kodi ilipo? Mudzadabwa kuona ena atatu akutulukira kuti nafenso. Ngati munalipira ndalama polowa ndiye sungani umboni wa malipirowo mupite nawo kupolisi limodzi ndi anzanuwo. Ngati kunali kwaulere, mwina foniyo kunalibe chiyambire, akakupatsani ndalama yocheperako landirani mutuluke.

Mwezi wamawa tikambirana za magulupu a chipereganyu a pa WhatsApp, makalata afika kale asanu ndi awiri ndipo anayi mwa amenewo akudandaula za msungichuma amene wasintha nambala.